Tintchentche ta a Luhanga

Mwezi wathawu tinapita ku Rumphi kukavundukula chiliza cha apongozi anga, a Luhanga. Olankhula anali ambiri, ndipo aliyense akaimirira ankati malemuwa anali mkulu wa mpingo wokhulupirika, wantchito wa boma wosaba, bambo wofatsa. Zoti anali osaba n'zoona. Zofatsazo ndiye bodza lamkunkhuniza. Koma zimene zinandipweteka kwambiri ndi za mpingozo, chifukwa amene anazinena anali a Kamwendo, mkulu mnzawo wa mpingo, omwe anachokera nafe ku Lilongwe atavala jekete lakuda, nkhope ili yachisoni ngati ataya m'bale wawo wa bere limodzi. Panalibe ngakhale mmodzi amene anatchula mbedza. Ndinakhala pamkeka pakati pa azimayi ndikumvetsera, ndipo pobwerera ndinatsimikiza kuti ndilemba ndekha za munthuyu mmene ndinawadziwira ine, fungo lawo ndi makani awo omwe.

Ndinawadziwa ndisanadziwe mwana wawo Yotamu, amene anadzakhala mwamuna wanga. Inali nthawi ija boma linkasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe, malole akubwera atasenza madesiki ndi makabati, ku City Centre kuli fumbi lofiira ndi maofesi onunkha penti. Ine ndinkagulitsa nkhuku mumsika wa Lilongwe. Loweruka lina kunabwera bambo wamtali, wa tayi ndi ambulera, Chichewa chake chomvekeratu kuti ndi wakumpoto. Ogula onse nkhuku amaipima m'manja n'kuigwira pachifuwa. Iwo ayi. Ananyamula tambala wokalamba, wowonda, amene ndinali nditataya naye mtima, n'kutambasula nthenga za m'khosi mwake akuziyang'ana padzuwa. Anamugula osanenerera. Anandiuza kuti opha nkhuku asamuviike m'madzi otentha, koma asende chikopa chonse cha khosi nthenga zili pomwepo, nyamayo ndione chochita nayo. Ndinaganiza kuti mutu wawo sukuyenda bwino, koma nyama ndinatenga.

Zimenezo zinali zabwinoko. Atachoka pa ine anapita kuseri kumene ankaphera nkhuku, pa mulu wa nthenga zonyowa, matumbo ndi magazi oundana, pamalo poti ngakhale ife a mumsika tinkadutsa titatseka mphuno. Anaima pamenepo ndi nsapato zawo zopolisha n'kumafukula muluwo ndi nsonga ya ambulera. Akaona nthenga ya nkhanga kapena ya bakha yowasangalatsa ankaitola ndi zala, kuikutumula, n'kuiika m'thumba la jekete, momwemo muli mpango wopukutira pakamwa. Anachita zimenezi kwa zaka, mpaka amayi ogulitsa tomato anawapatsa dzina loti a Nthenga.

Nditakwatiwa tinayamba takhala kwa makolo a Yotamu ku Area 47, kumene nyumba zinali zidakali patalipatali, pakati pali tchire. Kumeneko n'kumene ndinamva ntchito ya nthengazo. Pa phiri la Zomba pali timitsinje ta madzi ozizira, oyera moti mwala wapansi umauona, ndipo muli nsomba zotchedwa tirauti zimene azungu anabwera nazo. Nsombazi zimadya tizilombo touluka tikagwera pamadzi. Ndiye munthu amatenga kambedza kakang'ono, n'kumangapo nthenga ndi ubweya mpaka kaoneke ngati kachilombo, n'kukaponya ndi ndodo yaitali yopepuka kuti katere pamadzi mosachita phokoso. Apongozi anaphunzira zimenezi kwa mzungu wina wa ku ofesi kwawo, amene pobwerera kwawo anawasiyira ndodo ndi kachitsulo kopanira mbedza. Tinthu tomangato ankatitcha tintchentche. Anawedza pa phiri lija zaka zambiri, kenako boma linawanyamula pamodzi ndi makabati n'kuwatula kuno kumene kulibe tirauti ngakhale imodzi.

Lilongwe sanamukhululukire. Ankati ndi mzinda womangidwa ndi anthu amene sanaonepo pansi pa mtsinje, ndipo madzi athu ankawafanizira ndi tiyi wotsala m'kapu. Ine wobadwira kuno zinkandipweteka, ndipo ndinkawayankha kuti milamba ya m'madzi omwewo yalera anthu ambiri kuposa nsomba zawo za maina achizungu. Ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "NyaBanda, mlamba umadya chilichonse. Iwe ungalemekeze nsomba yotero?" Ndinawauza kangapo kuti ine ndine Nabanda, matchulidwe akumpotowo awasiye ku Rumphi, koma anamwalira akunditcha NyaBanda.

Chimene ankadana nacho kuposa fumbi la Lilongwe chinali nyongolotsi. Kuwedza ndi nyongolotsi ankakuyesa ziphuphu, chifukwa umaipatsa nsomba chakudya kuti ikuvomere. Kantchentche ndiye ankati n'kukambirana: nsomba imabwera, imayang'ana, ndipo ili ndi ufulu wokana. Apongozi aakazi, a NyaMhango, akamva zimenezi ankangotsonya, n'kundinong'oneza kuti ku Zomba bamboyu ankagwira nsomba yonona, kuiyang'ana, n'kuibwezera m'madzi, kunyumba ana akudyera chisoso.

Malo a apongozi aamunawo anali khonde lakuseri. Panali tebulo laling'ono, kachitsulo kaja katamangidwa m'mphepete mwake, ndi thabwa pakhoma limene ankakhomapo zikopa atazithira mchere: makosi a atambala, michira ya agologolo, ndevu za mbuzi, mapiko a mbalame zimene sindinkazidziwa n'komwe. Nthawi ya dzinja mchere unkagonja. Fungo linkalowa pazenera la kukhitchini n'kukakhala mu ufa, ndipo m'mawa wina ndikusesa ndinapeza mphutsi zikuyenda kuchoka pakhoma kulunjika pachitseko. Ndinazula chikopa chimene chinkazibalacho n'kukachitaya kudzala. Linali khosi la tambala wamawangamawanga amene anamufunafuna nthawi yaitali. Sanandikalipire. Anangosiya kundiyankhula, moti tili patebulo limodzi ankauza Yotamu kuti auze mkazi wake apatsire mchere. Zinatha pokhapokha nditapeza tambala wina wotero kwa munthu wa ku Mitundu.

Chimene sindinachizolowere mpaka mapeto ndi kunyambita. Nthenga ikakana kugona bwino pa mbedza ankaidutsitsa pamilomo kuti inyowe, nthenga yomwe ija ya pamulu wa kumsika. Ndinkachoka pakhondepo nditakwinya nkhope. Komabe sindinganame, chimene chinkatuluka m'zala zikuluzikulu zija chinali chokongola: kanthu kochepa ngati njere ya mpunga, ka mapiko oimirira, timiyendo, ndi kamchira kopyapyala. Ankatisunga m'mizere m'bokosi la mkungudza la timadirowa, ndipo kalikonse ankakadziwa kuti kamagwira mwezi uti, kukakhala mitambo kapena dzuwa.

Poti mtsinje wawo unatsala ku Zomba, Loweruka masana ankaika beseni la madzi pakati pa kapinga n'kukaima kutali kumpanda, chipewa chili kumutu. Chingwe chinkapita kumbuyo, kutsogolo, kumbuyonso, chikulira m'mwamba, kenako kantchentche n'kutera m'beseni madzi osagwedezeka. Anthu odutsa mumsewu ankaima n'kumasuzumira. Ankaona mkulu wa mpingo, bwana wa m'boma, akuwedza pa udzu. Poyamba ankaseka. Kenako anasiya kuseka, ankangoyang'ana n'kufulumiza ana awo kuti adutse.

Ndidumphe kaye ndifike pa tsiku la maliro, kuti mumvetse chimene chinkandiwawa ku Rumphi. Apongozi anamwalira m'mawa ali pampando wawo, mtima utangoima. Pofika masana anthu anali atadzaza pabwalo, koma kunali zii. Amene anakhalapo pa maliro opanda nyimbo akudziwa mmene zimakhalira: umamva munthu akutsokomola kumpanda, umamva mbale zikugundana kukhitchini. Amayi a mpingo anabwera, koma atavala zitenje wamba, yunifolomu akuti anazisiya kunyumba, mabuku a nyimbo ali m'zikwama. Malemuwa anali odulidwa mumpingo, ndipo wodulidwa saimbiridwa. A NyaMhango, amene moyo wawo wonse anaimba pa maliro a anthu ena, anakhala pambali pa mwamuna wawo maso ali pakhomo, kudikira kuti wina ayambitse nyimbo. Chimene chinawadulitsa apongozi chinali bokosi lija la mkungudza.

Zinayamba ndi galu. A Kamwendo, mkulu mnzawo wa mpingo, anali ndi shopu ya misomali ndi zitsulo ku Area 2, ndipo ankailondera ndi galu woyera wa ubweya wautali kumchira. Tsiku lina apongozi atapita kukacheza anaona mchirawo, anatulutsa kasizasi m'thumba, n'kudulako pang'ono eni ake akuona. Sanapemphe. Kwa iwo ubweya wa galu sichinali chinthu choti n'kupempha. Anaukulunga m'kapepala n'kupitiriza kumwa tiyi. Patapita milungu ingapo galuyo anafa, ndipo posakhalitsa akuba anathyola shopu. Kwa ine n'zosadabwitsa kuti galu akafa akuba amalowa, koma a Kamwendo anawerenga zinthuzo mwanjira ina. Anangosintha benchi m'tchalitchi, osakhalanso pafupi ndi apongozi.

Kenako kunabwera za kadzidzi. M'mawa wina popita kuntchito, pamsewu wolowera ku City Centre, apongozi anaona kadzidzi wogundidwa ndi galimoto. Munthu aliyense wanzeru akanayang'ana kumbali n'kulavula. Iwo anaimitsa galimoto, anatsika ndi suti yawo, anatola mbalameyo, anaitambasula mapiko akumwetulira, n'kuiika m'chikwama cha mafayilo. Apo n'kuti basi yodzaza antchito a boma itaima chapafupi. Pofika madzulo nkhani inali itafika mumsika itamera kale nyanga, ena akuti kadzidziyo anali wamoyo ndipo anayankhula naye Chitumbuka. Anthu anakumbukira kuti bamboyu anakwezedwa pantchito anzake atatsala, anakumbukira galu, anakumbukira beseni. Ine ndinawauza kuti, "Adada, kadzidzi yekhayo mukanamusiya." Anandiyankha kuti nthenga ya kadzidzi ndi yofewa kuposa zonse, ndipo kuisiya iwole mumsewu ndiye tchimo.

Akulu a mpingo anawaitana n'kuwauza kuti abwere ndi bokosi. Yotamu anawachonderera kuti akalankhule modzichepetsa, akapepese za galu, nkhani ithe. Iwo anapita ngati mphunzitsi wopita m'kalasi. Yotamu, amene anawaperekeza, akuti anatsegula timadirowa n'kuyamba kutchula kuti aka n'ka tambala, aka n'ka gologolo, aka n'ka kadzidzi, ndipo koyeraka ndiye galu wanu uja, a Kamwendo. Akuluakulu anasunthira mabenchi m'mbuyo. Tinthu ta ubweya ndi nthenga, tomangidwa ndi ulusi wofiira ndi wakuda, tosungidwa m'bokosi, kwathu kuno dzina lake ndi zithumwa, ndipo ena mwa amene anaopa sindingawanene kwambiri. Apongozi anati ngati sakukhulupirira, onse akwere galimoto apite ku Zomba akaone okha. A Kamwendo anafunsa kuti ndi nyambo yanji yogwira ntchito ku Zomba kokha. Anagwirizana kuti ngati tinthuto tilidi ta nsomba, tigwire nsomba konkuno, mumtsinje wa Lilongwe, anthu akuona.

Tsikulo ndinaliko. Anasankha kumunsi kwa mlatho, pafupi ndi msika, chifukwa akuluakulu ena sankafuna kutalikira malonda awo. Mvula inali itagwa kumtunda, madzi ali psuu, atasenza zinyalala zonse za mumsika: makoko a nthochi, zisanza, matumbo a nkhuku ochokera pamulu uja. M'mphepete unkayenda mosankha popondapo, pakuti anthu ankadzithandizira m'bango momwemo. Apongozi analowa m'madzi amenewo mpaka m'mawondo atavala chipewa chawo cha ku Zomba. Pamlatho panadzaza anthu.

Kuponya kokha ndiye anaponya bwino. Chingwe chinkatambasuka m'mwamba mwa zonyansazo, kantchentche n'kutera pamalo enieni amene aloza ndi maso, koma m'matope amenewo panalibe nsomba ikanakaona. Anachotsa ka tambala n'kuika ka nkhanga. Anachotsa ka nkhanga n'kuika ka gologolo. Chimene anakola chinali chisanza, kenako nthambi. Chapafupi panali bambo wina atakhala pamwala ndi nsungwi ndi chitini cha nyongolotsi, ndipo nthawi iliyonse akavuula kamlamba anthu a pamlatho ankamuombera m'manja kuti apongozi amve.

Dzuwa litapendeka, Yotamu anapempha nyongolotsi imodzi kwa bamboyo, anaifumbata, n'kulowa m'madzi ngati akukawagwira mkono bambo ake. Ine ndinali m'mphepete, ndipo ndinamva zonse.

"Adada, kolekani iyi pansi pa nthengazo. Kuchokera kumtundako palibe aone. Mlamba umodzi basi, nkhani yatha."

"Taya."

"Adada, ganizirani amama."

Apongozi anayang'ana nyongolotsi ikudzipinda m'dzanja la mwana wawo, ndipo nkhope yawo inachita mmene yanga inkachitira pakhonde paja.

"Ndiwanamize kuti andikhulupirire? Taya, ukasambe m'manja."

Munthu woima m'madzi a zonyansa za mzinda wonse, wonyambita nthenga za kudzala, kumauza mwana wake kuti akasambe m'manja chifukwa cha nyongolotsi. Ndinapsa mtima moti ndinalakalaka kuwakankhira m'madzimo. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsabe mtima, ngakhale ndikudziwa kuti akanaikoleka nyongolotsiyo sibwenzi ndikulemba za iwo.

Atatuluka, thalauza likudontha matope, a Kamwendo anayankhula mofatsa, manja ali kumbuyo.

"A Luhanga, taona tonse. Nsomba sitigwira timeneti. Ndiye tiuzeni, timagwira chiyani?"

Apongozi anamasula ndodo yawo, anaipukuta ndi mpango, n'kukwera kumsewu anthu akuwapatukira. Chigamulo chinali choti adulidwe mpaka tsiku limene adzabweretse bokosilo kuti liwotchedwe pamaso pa akulu a mpingo.

Sanalibweretse. Lamulungu lililonse ankavala suti, kuperekeza mkazi wawo, n'kukakhala pa benchi lakumbuyo kwenikweni, limene kale ankakhazikapo anthu ena odulidwa. Tsiku la mgonero ankatuluka okha n'kukaima pansi pa mtengo mpaka mapemphero atha. A NyaMhango anachonderera, analira, anatuma azibale awo, koma yankho linali lomwelo: kuotcha bokosi n'kuvomera kuti ndi mfiti, ndipo munthu sangalape chimene sanachite. Tsiku lina ananena kuti Mulungu nyimbo zonse amazidziwa pamtima, safunika kumukumbutsa pa maliro a Luhanga. A NyaMhango anawayankha kuti amene adzakhale pambali pa mtembo m'nyumba ya zii si Mulungu, ndi iwo. Apongozi ananyamuka n'kupita pakhonde.

Atapuma pantchito mawondo anawavuta, ndipo ku Zomba sanapitenso. Alendo anachepa. Amayi amene kale ankabwera kudzapempha madzi akumwa ankalambalala nyumba yathu, ndipo ena mumsika anasiya kugula nkhuku kwa ine poti ndimagona nyumba imodzi ndi kadzidzi. Apongozi ankangomanga tintchentche. Maso atafooka ankandiitana kuti ndiwalowetsere ulusi, n'kumandifotokozera za dziwe lina pa phiri lija, la mwala waukulu pambali, kumene kuli nsomba imene inawakana zaka zonse. Ankaitchula mwaulemu kuposa mmene ankatchulira akulu a mpingo. Bokosi linadzaza mpaka timadirowa tinkavuta kutseka, tonse tomangira madzi amene ankadziwa kuti sadzawaonanso.

Ndibwerere pa maliro paja. Chakumasana a Kamwendo anamuitanira Yotamu pambali n'kumuuza kuti mpingo uli ndi chifundo. Ngati banja litatulutsa bokosi lija kuti liwotchedwe, amayi akhoza kukatenga yunifolomu, ndipo uthenga upita kumpingo wa ku Rumphi kuti malemu abwezeretsedwa. Ine ndinamuuza Yotamu kuti bambo ake anakana ali ndi pakamwa, ndiye tisawavomerere poti pakamwa patsekeka. Azakhali ake anandidula kuti mpongozi sayankhula pa maliro a eni. Yotamu analowa m'nyumba n'kugwada pafupi ndi mayi ake. A NyaMhango sanamuyang'ane n'komwe.

"Ndikufuna nyimbo, mwanangu," anatero.

Iwowo sindingawanene. Anali atadikira zaka zonsezo, ndipo m'nyumba muja munalidi zii wosapiririka.

Yotamu ananyamula bokosi la mkungudza lija yekha. Analiika kuseri pafupi ndi dzala, a Kamwendo anathira parafini, anapemphera, n'kuyatsa. Poyamba kunamveka fungo lokoma la mkungudza. Kenako moto unafika m'timadirowa, ndipo kunabuka fungo la nthenga ndi ubweya wopserera, longa la nkhuku yowauka, n'kulowa m'nyumba momwe munali mtembo. Utsi usanathe nyimbo inayamba. Amayi anali atavala kale zoyera, kusonyeza kuti yunifolomu zija sizinali kutali monga ankanenera. Anaimba bwino kwambiri, ndipo chimenecho n'chimene chinandinyansa koposa. A NyaMhango analira koyamba tsiku limenelo, kulira kwenikweni, atagwira m'mphepete mwa bokosi la maliro la mwamuna wawo.

M'mawa mwake, lole yopita ku Rumphi isanafike, ndinapita kuseri kukataya madzi otsukira mbale. Ndinapeza a Kamwendo atanjuta paphulusa ndi jekete lawo lakuda, akufukula ndi kamtengo. Nthenga zonse zinali zitapsa, koma timbedza tinatsala, tambirimbiri, ndipo iwo ankatitola kamodzikamodzi n'kumatiika pampango.

"Ana angaponde, mayi," anatero atandiona.

"Si zithumwa zija, a Kamwendo?"

"Moto wayeretsa. Chatsalachi n'chitsulo chabe." Anakweza kamodzi n'kukayang'ana padzuwa ndi diso la munthu wogulitsa zitsulo. "Cha ku Mangalande ichi. Mutauni muno simungachipeze."

Madzi aja ndinawataya pafupi ndi nsapato zawo, ndipo sindinapepese.

Titabwerako kokaika maliro, a Kamwendo anabwera kudzapepesa amasiye. Anabwera ndi timilamba totungidwa pabango, tikadali tonyowa. Anati antchito awo a pashopu anatigwira kumunsi kwa mlatho ndi timbedza tija, atakolekapo nyongolotsi, ndipo anatiyamikira kuti ndi tating'ono koma nsomba siipulumuka. Ankanena zimenezi atakhala pampando wa malemu, akupemerera tiyi. A NyaMhango analandira nsombazo ndi manja awiri monga mwa ulemu, anathokoza, anamvera pemphero lonse mpaka ameni. Mlendo atatuluka pageti anaimirira, anakana kuti ndiwanyamulire, anayenda okha mpaka kuseri, n'kuponya milambayo pomwe panali phulusa paja. Kenako anandipempha sopo.

Amenewo ndiwo a Kamwendo amene anaima pa chiliza mwezi wathawu n'kunena kuti mpingo unataya mzati.

Dzulo ndinapita ku Area 47 kukawasesera a NyaMhango. Khonde lakuseri n'loyera tsopano, ufa ukhoza kugona pazenera osatenga fungo. Thabwa likadali pakhoma, lili mabowo a misomali okhaokha ndi mizere yoyera pomwe mchere unkatsikira. M'mphepete mwa tebulo muli dzenje laling'ono pomwe kachitsulo kaja kanaluma zaka zonsezo. Ndodo ili kudenga m'thumba lake lansalu, ndipo m'banja lonse mulibe wodziwa kuilumikiza. Ine amene ndinkapempherera kuti fungo lija lidzathe ndinapezeka ndaima pamenepo ndi tsache ndikununkhiza, koma ndinangomva sopo.

Beseni lokha n'limene a NyaMhango amakana kuti lichotsedwe. Likadali pakati pa kapinga pomwe malemu analisiya, udzu utalizungulira. Mvula yalidzaza, ndipo madzi ake ndi oyera moti pansi pamaoneka, monga a mtsinje umene ankaunena uja. Ndikuchoka chakumadzulo ndinaona tizilombo ta mapiko titagwera pamwamba pake, tikuzungulira, popanda wotiyang'ana.